Chifundo cha Apulezidenti ndi Mbuzi ya Amayi Anu

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti tsiku lokumbukira ufulu likafika ndimakakamira pa wailesi ngati nkhuku yofungatira, anzanga ali ku mpira ndi ku magule. Sindinakuyankhenipo bwino chifukwa pakamwa panga mukupadziwa, mawu amatuluka mochedwa. Tsono ndalemba, kuti ndikadzapita musadzamve nkhaniyi kwa ena.

M'nthawi ya chipani chimodzi

Ndinalowa usilikali wa ndende ndili mnyamata wochokera kumudzi kwathu, kufupi ndi Madzimoyo. Sukulu yanga inali ya komweko, ya njerwa zosawotcha, ndipo Chingerezi changa chinali cha m'buku mokha. Ndinali wamanyazi moti munthu wamkulu akandiyang'ana, ine ndinkayang'ana zala za kumapazi. Titamaliza maphunziro a ntchito ananditumiza ku ndende ina ya munda kuno kum'mawa, kumene akaidi ankalima chimanga ndi kuweta ng'ombe. Mkulu wa pamenepo anali a Tembo, bambo wamtali, wa mawu ochepa. Ataona kuti chilichonse ndimangoti "inde bwana", anandipatsa ntchito ina yapadera: m'mawa uliwonse ndizipukuta fumbi pa chithunzi cha Apulezidenti chimene chinali pakhoma la ofesi yawo.

Tsiku lina nditakwera pampando ndi kansalu m'manja, anandifunsa ali chiweramire pa tebulo.

"Mwanza, amene ukuwapukutawo ntchito yawo n'chiyani?"

"Kulamulira dziko, bwana."

"Zimenezo ngakhale ng'ombe zathu zikudziwa. Tsika, ndikuuze."

Anandiuza kuti Apulezidenti ndiwo amasankha nduna, ndiwo mkulu wa asilikali onse a dziko, ndipo zimene aphungu agwirizana ku nyumba ya malamulo zimapita kwa iwo kuti asayine. Kenako anatulutsa makiyi m'thumba nawaika pa tebulo. "Koma ya ife kuno ndi imodzi. Khothi limatsekera munthu, ife timasunga makiyi. Apilo ikatha, nthawi ya chilango chake isanakwane, palibe angamutsegulire. Ine sindingathe, nduna siingathe. Ndi amenewo okha. Malamulo aakulu a dziko anawapatsa mphamvu ya chifundo. Angathe kukhululukira mkaidi, angathe kumuchepetsera chilango." Kuyambira pamenepo chithunzicho ndinkachigwira ndi manja awiri. M'mutu mwanga ndinkaganiza kuti Apulezidenti amadziwa mkaidi aliyense ndi dzina lake, ngati mbusa ndi nkhosa zake.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Yunifolomu ndinali nayo imodzi, ndinkaichapa madzulo n'kuivala m'mawa ikadali yonyowa m'khosi. Jombo zanga zinang'ambika mpaka mkaidi wina wodziwa kusoka anandimatira ndi tayala. Sopo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo galimoto ikasowa mafuta wodwala tinkapita naye kuchipatala pa ngolo ya ng'ombe. Ndi m'nthawi yomweyi pamene ndinakwatira amayi anu. Iwo anabwera ndi mbuzi ziwiri zochokera kwawo, ndipo mbuzizo zinkatitsatira kulikonse kumene boma linkatiponya.

Zipani zitachuluka

Ndinasamutsidwa kupita kumpoto, kenako kumigodi, mpaka ndinabwerera kuno kum'mawa, ku Chipata, imvi zitayamba. M'maofesi onse amene ndinadutsamo ndinaona chinthu chimodzi. Anthu akavota, chithunzi chinkatsika, china n'kukwera, koma msomali unali womwewo. Poyamba zinkandivuta, chifukwa ndinkaona ngati mphamvu ija ndi ya munthu. Pang'onopang'ono ndinamvetsa kuti ndi ya mpando, ndipo wokhalapo amaisiya pomwepo akamachoka.

Ku Chipata ndinapeza mkulu wamkazi, Mayi Sakala, wolankhula msanga, woseka mokweza, koma wosalekerera chinyengo. Iwo ndiwo anachotsa maganizo anga a mbusa ndi nkhosa. "A Mwanza, Apulezidenti sadziwa aliyense muno," anatero. "Pali komiti imene imawalangiza. Komitiyo imawerenga malipoti, ndipo malipotiwo timalemba ndife. Dzanja losayina ndi lawo, koma maso ndi athu." Chifukwa chakuti ndinali wa kuno ndipo ndinkadziwa kulankhula ndi akumudzi, anayamba kunditumiza kwawo kwa akaidi amene tinkafuna kuwapemphera chifundo, kuti ndikaone ngati munthuyo akatuluka adzalandiridwa.

Chaka chimene ndinapita ku Kasenengwa

Pa akaidi onse amene ndinawasunga, Eliya Mbewe ndi amene ndinamuzolowera kwambiri. Kwawo kunali ku Kasenengwa. Ali mnyamata anakangana ndi mlamu wake Jakobo Nkhoma, mwamuna wa mlongo wake, chifukwa ng'ombe za Jakobo zinadya chimanga chake. Anali atamwa onse. Eliya anamumenya ndi mpini wa khasu, Jakobo n'kufera panjira ya kuchipatala. Khothi linati sanafune kupha, komabe linamupatsa zaka zambiri. Pamene ndinkamudziwa anali atakhala nthawi yaitali, mkazi wake atakwatiwa kwina. Ndiye ankasamalira dimba la ndende. Repu ndi tomato wake ankadyetsa ndende yonse, ndipo sanayambanepo ndi munthu. Pamene Mayi Sakala ananena kuti dzina lake lipite ku Lusaka, palibe anatsutsa. Chinatsala ndi ulendo wanga wa kumudzi.

Eliya atamva anandithamangira m'dimba. "Bwana, mukakafika mukandionere mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga. Ndinaubzala ine." Ankaseka ngati watuluka kale.

Ndinafika masana nditavala yunifolomu. Mlongo wake, Mayi Tisauke, ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza.

"Odi, amayi."

"Fikani, a boma. Lero mwabwera kudzatenga ndani?"

Ndinakhala pa kampando n'kufotokoza kuti alongo awo asintha, ndipo tikufuna kuwapemphera chifundo kwa Apulezidenti. Anapitiriza kusenda, osandiyang'ana.

"Apulezidenti akufuna kumukhululukira? Kodi iwowo anawaphera ndani?"

Iwo anaika lichero pansi.

"Ndimvereni, a boma. Sabata imodzi ndinaika mwamuna m'manda, mlongo wanga n'kupita ndi unyolo. Boma linaweruza zake, linamaliza. Koma kwa akuchimuna palibe anapita kukakhala pansi kunena kuti pepani. Woyenera kupita ndi mwini mbumba, ndipo mwini mbumba wathu ndi amene mukumusunga inuyo. Amalume athu anamwalira nkhani isanakambidwe. Kuyambira pamenepo a kwa Nkhoma saponda pano. Maliro akagwa kuno sabwera, kwawo akagwa satiuza. Ana anga akula ngati alibe kuchimuna. Tsono Eliya adzabwere, adzakhale pakati pa moto uwiri?"

Tili mkati molankhula panafika mwana wawo wamkulu, Mabvuto, amene ankanyamula anthu pa njinga yamoto m'tauni. Bambo ake akumwalira anali wamng'ono, koma tsopano anali mwamuna wa ndevu. Anamvetsera ataimirira.

"Mukawauze ku Lusaka," anatero, "kuti akamutulutsa akamusunge okha. Akadzaponda pano mudzabweranso ndi unyolo wanu, koma womangidwa adzakhala ine."

Mtengo wa mango ndinauona pochoka. Unali waukulu, mbuzi zitagona pamthunzi pake.

Ana anga, pa ntchito yanga yonse palibe pepala linandilemera ngati limene ndinayenera kulemba nditabwerako. Ndende inali itadzaza, anthu akugona moyang'ana mbali imodzi, ndipo aliyense wotuluka ankapatsa anzake mpweya. Eliya ankandidikira. Ine ndinabadwa wosafuna kukhumudwitsa munthu. Ndikanatha kulemba kuti abale ndawapeza, ali ndi munda, ndipo malo okhala alipo. Palibe liwu limodzi likanakhala labodza, koma zonse pamodzi zikanakhala bodza. Ndinapita kwa Mayi Sakala ndikuyembekeza kuti andisankhira.

"Ine kumeneko kunalibe, a Mwanza," anatero. "Lembani zimene mwaona."

Ndinalemba zonse, mpaka mawu a Mabvuto. Dzina la Eliya silinapite chaka chimenecho.

Sindinafune kuti amve kwa wina. Ndinamupeza akuthirira tomato, ndipo ndinamuuza zonse monga zinalili. Anaika chitini pansi.

"Bwana, simukanangolemba kuti munapeza anthu apita kumaliro?"

"Apulezidenti sangafike ku Kasenengwa, Eliya. Akanasayina pokhulupirira maso anga. Ukanatuluka, mwina tikanaika munthu wina m'manda, Mabvuto n'kudzalowa m'malo mwako muno."

Kenako anafunsa, "Mtengo uja munauona?"

"Ndinauona. Wakula."

Anatola chitini chake n'kupitiriza kuthirira. Mvula inabwera n'kupita Eliya osandilankhula, kupatula "bwana" wa lamulo uja tikakumana. Dimba ndinayamba kulilambalala.

Chimanga chitauma

Tsiku lina Eliya ndiye anandiitana yekha. "Mlongo wanga anati kwa Nkhoma palibe anapita?"

"Anatero."

"Ine ndinkayesa kuti zaka ndakhala munozi ndiko kupepesa kwake." Kenako anati, "Ndilibe nkhoswe, bwana. Amene ndinali nawo ali kumanda. Inu khomo munaliona. Mundipitire."

Mukudziwa kuti nkhani ya magazi mwini wake salankhula yekha. Pamafunika munthu woimirira pakati, ndipo sapita chimanjamanja, amatenga mbuzi ya chipepeso. Koma ine ndinali msilikali womusunga, osati m'bale wake, komanso munthu amene ngakhale pa ukwati wake weniweni analephera kulankhula. Ndinapitanso kwa Mayi Sakala. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Malamulo aakulu a dziko ndawawerenga, a Mwanza, mulibe mbuzi." Atasiya kuseka anati, "Pa tsiku lanu lopuma, mukavula yunifolomu, ndinu Mwanza wa ku Madzimoyo. Kumene mukupita si nkhani yanga. Koma musakalonjeze munthu kuti Eliya atuluka. Zimenezo si zanu kapena zanga."

Mbuzi zonse za pakhomo zinali za amayi anu. Ndinazungulira khola masiku angapo ndisanatsegule pakamwa. Nditanena, anandiyang'ana atagwira m'chiuno.

"Amuna a anzanga amachoka kuntchito ndi katundu kubwera naye kunyumba. Inu mukuchotsa wa kunyumba kupita naye kwa akaidi?"

M'mawa mwake ndinapeza atamanga kale chingwe m'khosi mwa mbuzi yakuda. "Tengani iyi," anatero. "Ndi yofatsa ngati inu, simukavutana panjira."

Mayi Tisauke anandiperekeza mpaka m'mphepete mwa mudzi wa a Nkhoma, iwo n'kutsalira pamenepo. Mkulu wake wa malemu Jakobo anali nkhalamba ya diso limodzi. Anandipatsa mpando, ine ndinaukana. Ndinavula nsapato n'kukhala pa dothi, chingwe cha mbuzi chili m'manja. Anaitana abale, amuna ndi akazi, ndipo anandisiya padzuwa mpaka mthunzi wa nkhokwe unasuntha. Mabvuto nayenso analipo, atatsamira njinga yake chapatali. Ndinaomba m'manja n'kunena kuti ndatumidwa ndi Eliya Mbewe. Mawu anga anali apansipansi moti mayi wina anati, "Kwezani mawu, bambo, kuno si kutchalitchi."

Nkhalamba ija inafunsa, "Iwe ndiwe ndani wake?"

"Ndine womusunga, bambo. Abale amene akanabwera anatha."

"Mbuziyi ibweza Jakobo?"

"Iyayi, bambo."

"Nanga yabwera kudzatani?"

"Yabwera kudzagwada. Mwini wake sangathe kufika. Akuti analakwa, anakhetsa magazi a mlamu wake, ndipo alibe chonena china."

Mlongo wake wa Jakobo anayamba kulira, kulira kwa maliro kwenikweni, ngati mtembo uli m'nyumba. Ena anamutsatira. Nkhalamba ija inadikira mpaka atatopa.

"Mawu amenewa tinawadikira tili ndi tsitsi lakuda," inatero. "Boma linabwera kudzatenga mtembo, linabwera kudzatenga mboni. Wodzakhala pansi ndiwe woyamba." Inalozera mdzukulu wake kuti alandire chingwe, kenako inati, "Kaitaneni Tisauke. Waima kuthengoko ngati mlendo chifukwa chiyani?"

Pamene Mayi Tisauke ankalowa m'mudzimo, ndinamva njinga yamoto ikulira. Mabvuto anachoka osatsanzika.

Mu lipoti latsopano ndinalemba kuti akuchimuna alandira chipepeso, ndipo mlongo wake wavomera kumusunga. Ndinalembanso kuti mwana wa malemu sananene kanthu. Dzina linapita ku Lusaka.

Tsiku la ufulu linafika m'kutentha kwa Okutobala. Wailesi inalengeza kuti Apulezidenti akhululukira akaidi, ndende yonse n'kuimba. Maina atafika, la Eliya munalibe. Ndinalowa mu ofesi ya Mayi Sakala osagogoda, koyamba m'moyo wanga.

"Mayi, tachita zonse. Chalakwika n'chiyani?"

"Palibe chalakwika. Khalani pansi, a Mwanza. Chifundo si malipiro. Munthu sangapite ku khothi kukasuma kuti sanamuchitire chifundo. Ife timapempha, komiti imalangiza, Apulezidenti amasankha. Tidzapemphanso."

Ndinkaopa kukumana ndi Eliya, koma iye ndiye ananditonthoza. "Musadandaule, bwana. Mlongo wanga anabwera kudzandiona Lamlungu lapitali. Anandibweretsera mtedza. Zaka zonsezi sanabwerepo."

Chaka chotsatira

Dzina la Eliya linatuluka dzinja litatha. Ndinapempha kuti ndimutsegulire geti ndine. Anavala malaya amene analowa nawo, atamuthina pamimba, ndipo m'manja ananyamula kathumba ka mbewu za tomato. Kunja kunali khamu la anthu odikira abale awo, akazi akululutira. Ndinayang'ana Mayi Tisauke, sindinawaone. Amene ndinamuona ndi Mabvuto, atakhala pa njinga yake pansi pa mtengo. Ndinaima pakati pa iye ndi Eliya.

"Musaope, a boma," anatero, akutambasula manja. "Ndilibe kanthu." Kenako anayang'ana Eliya. "Amayi miyendo ikuwavuta. Ati ndidzakutengeni. Ine sindinanene kuti zatha."

Eliya anagwada pa fumbi pomwepo.

"Dzukani, anthu akuona," anatero Mabvuto. "Kwerani."

Anakwera kumbuyo, koma manja sanadziwe powaika. Anawasiya m'mwamba, kathumba kakulendewera. Mabvuto analiza njinga, anayenda pang'ono, n'kuimanso.

"Gwirani phewa. Msewu ndi woipa, mungagwe."

Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Nditabwerera mu ofesi ndinapeza fumbi pa chithunzi, ndipo ndinalipukuta, ngakhale sinalinso ntchito yanga.

Lero

Ndinapuma ntchito n'kubwerera kuno ku Madzimoyo. Zithunzi zasinthanso pa msomali uja, ndipo aliyense wokhala pa mpandowo amatsegulira ena chitseko. N'chifukwa chake ndimakhala pa wailesi. Imanena kuti atuluka angati, koma sinena amene wabwera kudzawatenga pageti, ndipo ine ndimakhala ndikuganiza za amenewo.

Eliya anakhala zaka zingapo kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, akulima dimba m'dambo. Chaka chatha, chimanga chili m'maondo, njinga yamoto inaima pakhomo pano. Amayi anu anatuluka kukaona. Anali Mabvuto, atavula chipewa. Anakana mpando, anakhala pa dothi.

"Bambo Mwanza," anatero, "ndatumidwa ndi mbumba, ndi a kwa Nkhoma omwe. Amalume Eliya atisiya. Ati maliro sayenda nkhoswe yawo isanafike."

Ndinavala jekete, ndinakwera kumbuyo, n'kugwira phewa lake.